Tsiku Limene Boma Linalola Kukoma Misulu

Masiku ano munthu akandiuza kuti chinthu chakoma, ndimayamba ndamufunsa kwawo. Akati ndi wa ku Ntcheu kapena ku Zomba, ndimamwetulira. Akati ndi wakwathu konkuno ku Wovwe, ndimayang'ana kaye chimene wanyamula m'manja. Khalidwe limeneli sindinabadwe nalo ayi. Ndinaliphunzira pachulu, ana a Sitandade 7 akuonerera, buluku langa lakutchalitchi lili m'manja m'malo mokhala m'miyendo. Koma ndiyambe poyambira, chifukwa ndikathamangira kubuluku muganiza kuti ndine wamisala, pomwe ine ndine wamanyazi chabe.

Manyazi angawo si a masewera. Kusekondale yathu yoyendera ndinafika mpaka Folomu 4 osakwezapo dzanja, ngakhale yankho ndikulidziwa. Wamkulu akandilankhula, pakamwa panga pamatuluka liwu limodzi lokha: "Eya." Bambo wina wapanjinga anandifunsapo ngati njira ya ku Ngara ndi imeneyo, akuloza kumapiri, ine n'kuyankha kuti eya poopa kumukhumudwitsa (ngati mukuwerenga izi bambo inu, pepani, nyanja inali kumbuyo kwanu). Kwathu timalankhula Chitumbuka. Chichewa ndinachiphunzira m'kalasi ndi pawailesi, ndipo polemba chonchi chimandimvera bwinobwino. Vuto limabwera ndikaima pamaso pa munthu wa nsapato zopolisha. Pamenepo zilankhulo ziwirizi zimapanikizana pakhomo ngati mbuzi potuluka m'khola, ndipo imene yayamba kutuluka ndi yomweyo.

Pali nkhani imodzi yokha imene ndingalankhule mpaka inu mutapempha madzi, ndiyo ya misulu. Sindikunena ikuluikulu yamizeremizere pamsana ija. Ndikunena timisulu ting'onoting'ono takuda mofiirira, toti kamodzi ndi mchira womwe sikatalika kuposa mkono wanga kuchokera pachigongono. Gulu lina limakhala m'chulu chachikulu chimene chili kumapeto kwa munda wathu wa chinangwa, kumtunda kwa sikimu ya mpunga. Ndinayamba kuliyang'ana ndili mwana, ndikuweta ng'ombe, ndipo ng'ombezo zinadya chimanga cha eni kangapo chifukwa cha zimenezi.

Munthu amene sanaione misulu imeneyi sadziwa chimene akumanidwa. Si yolawira. Dzuwa likakwera ndithu, mame atayamba kuuma, mumaona kamphuno padzenje ili, kenako kena apo, mpaka chulu chonse chili maso okhaokha. Imayamba yaothera dzuwa, ikutolana utitiri m'khosi ndi mano, ikulira tsiyo tsiyo ngati anapiye. Wolamula ndi wamkazi. Wathuyu anali ndi khutu long'ambika, ndipo ndinkamutcha Mayi Tcheya. Iyeyo ndiye amabereka, koma kulera ndi kwa onse. Anzawo akapita kosaka zikumbu, ziwala, nkhululu ndi zinkhanira, wina amatsala pakhomo ndi ana, ngakhale wamphongo amene. Wina amakwera pansonga pa chulu kapena pachitsa kukhala mlonda, ndipo akaona mphamba m'mwamba amaimba kalikhweru kakuthwa, onse n'kulowa m'maenje ngati madzi. Kalikhweru kameneko ndinakaphunzira mpaka ndinkakatha ndithu. Ndinakayesa kamodzi, gulu lonse linabalalika n'kusiya chakudya, ndipo ndinadzimvera chisoni tsiku lonse.

Kamsulu kakapeza nkhono kapena dzira la mbalame, kamaligwira ndi manja, kufulatira mwala, n'kuliponya kudzera pakati pa miyendo yakumbuyo kuti lisweke. Ndipo pofuna kusiya fungo lake pachitsa, kamaima ndi manja, mutu pansi miyendo m'mwamba, n'kupaka kumbuyo kwake pamwamba penipeni, mwina kuti wodutsa aziganiza kuti pano pamakhala zimphona. (Zimenezi musaziiwale, muzifuna kutsogoloku.)

Mavuto anayamba mvula itasiya, tikupuntha mpunga pakhomo. Adada, ndiye kuti bambo anga, anaimika ndodo n'kundiyang'ana. Ankalankhula Chitumbuka, koma ndikumasulirani.

"Chulu chakumunda chija ndichigumula Loweruka. Dothi lake ndi la njerwa zabwino. Tikumangire nyumba."

"Eya, Adada."

"Iwe pakamwa sulankhula. Mwina nyumba idzakulankhulira kwa akazi."

Mlongo wanga Lusungu, wa Sitandade 7, anaseka mpaka kukhala pansi pampunga. Dzina lakelo limatanthauza chifundo, koma amene anamutcha sanamudikire kuti akule.

"Ndipo misulu yako ija ndiikoma yonse," Adada anapitiriza. "Yamaliza mazira a amayi ako."

Apa ndiime pang'ono, chifukwa nkhani yonse yagona paliwu limeneli. Inu a Chichewa mukati chakoma, ndiye kuti ndiwo zili bwino, nyimbo ili bwino, mwana wavala bwino. Ife m'Chitumbuka kukoma ndi kupha. Kukoma njoka, kukoma nkhuku ya alendo. Liwu ndi lomwelo, matchulidwe ndi omwewo, koma kwina mumanyambita zala, kwina mumakumba dzenje.

Wakuba mazira ndinkamudziwa. Ndi likongwe, wowonda uja wa mchira wakuda kunsonga, amene amayenda yekhayekha ngati munthu wa mlandu. Timisulu tanga sitinkafika n'komwe pakhomo. Ndinafuna kunena zimenezi. Ndinatsegula pakamwa ndithu. Ndipo ndinati, "Eya, Adada."

Chakudya sichinalowe tsiku limenelo. Mayi Tcheya anali ndi tiana tongoyamba kutuluka kunja, timitu tokulirapo kuposa thupi, toyenda mopepesuka. Ndikatseka maso ndinkaona khasu.

Nzeru inabwera kudzera mwa Lusungu, ngakhale iye sankafuna kundithandiza. Ankadandaula za mphunzitsi wawo watsopano, Madamu ochokera ku Ntcheu, amene anali asanathe ndi teremu yomwe kwathu kuno. Akuti anayambitsa kalabu ya zachilengedwe, akuwadzalitsa mitengo, ndipo analanda malegeni onse a anyamata. Ndinatchera khutu. Adada amaopa zinthu ziwiri padziko pano, mphezi ndi munthu wa boma. Madamuwo atabwera ndi ana kudzaona misulu, n'kunena mawu awiri okha, khasu likanabwerera kunkhokwe.

Chotero ndinachapa malaya n'kuuyamba ulendo wa kusukulu. Chiganizo ndinachikonzeratu: "Madamu, bambo anga akufuna kupha misulu, chonde tithandizeni." Ndinachinena kwa mpunga m'sikimu. Ndinachinena kwa madzi a mumngalande. Ndinachinenanso kwa ng'ombe ina imene inaima panjira, ndipo inaoneka kuti yamva.

Madamu ndinawapeza akuthirira mbande m'machubu kuseri kwa kalasi.

"Takulandirani achimwene. Ndinu akulu ake a Lusungu eti? Nkhope ndi imodzi."

"Eya, Madamu."

Ndinayamba mwachibwibwi, koma nditangotchula misulu lilime linamasuka. Ndinawauza za Mayi Tcheya, za mlonda, za nkhono yoponyedwa chammbuyo. Madamu anasiya keni pansi, maso ali gwa.

"Zoona? Kuno komwe kuno? Ine ndimangoziona m'mabuku. Ana anga ayenera kuziona zimenezi. Nanga eni mundawo alola?"

Nthawi ya chiganizo changa inali imeneyi. Mwatsoka ndinayang'ana pansi, n'kuona nsapato. Zakuda, zopolisha, zonyezimira ngakhale munthu akuthirira mitengo.

"Adada akukhumba... akufuna... akufuna kuikoma."

"Kuikoma?" Madamu anapendeketsa mutu. Kenako nkhope yawo inawala. "Aa, ndamva. Kuikometsa. Kuikonzera pamalo kuti pakome, izikhala mosangalala, eti? Chichewa chakuno chimandisangalatsa, mumadula mawu."

Abale anga, ndinamva bwinobwino chimene chinalakwika. Mkati mwanga munali munthu akukuwa kuti ayi, ayi, ayi. Koma kuyambira Sitandade 1 palibe tsiku limene ndinauzapo mphunzitsi kuti walakwa, ndipo mayiwa anali atasangalala kwambiri.

"Eya, Madamu."

"Bambo anuwo ndi munthu wosowa. Kwathu bwenzi ataimaliza ndi agalu kalekale. Tibwera Loweruka m'mawa." Anatolanso keni akubwereza ngati nyimbo. "Kuikoma, kuikoma. Ndikawathokoze m'kalankhulidwe kawo komwe, asangalale."

Pobwerera ng'ombe ija inali pomwe paja. Sindinaiyang'ane kumaso.

Kunyumba ndinamuitanira Lusungu kuseri kwa khola n'kumufotokozera zonse. Ndinadikira kuti amalize kugubuduka.

"Chonde mawa ukawauze Madamu kuti kukoma ndi kupha."

"Ine ndikakonze aphunzitsi? Akulu, inu a Folomu 4 mwalephera, ndiye ine wa pulayimale?"

"Ndikusenzera madzi sabata yonse."

"Madzi ndisenza ndekha. Loweruka ndikhala kutsogolo kuti ndione bwino."

Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndikonza ndekha panjira. Adada sindinawauze kuti kubwera alendo (ndinayesa, koma anali akunola khasu, ndiye ndinangowapatsira madzi a pamwala).

Loweruka ndinavala buluku lakutchalitchi, lokhalo labwino limene ndili nalo, n'kukawachingamira pamlatho wa mngalande. Anabwera akuimba, Madamu patsogolo, ana pambuyo pamzere. Ndinawalandira chikwama.

"Madamu, za mawu aja..."

"Kuikoma. Ndawasunga achimwene, musade nkhawa. Ndakhala ndikuyeserera sabata yonse."

"Eya, Madamu."

Zimene zinatsatira, kwa kanthawi ndithu, zinali zokoma, ndipo ndikunena m'Chichewa. Ndinawakhazika onse pansi kuseri kwa tchire, moyang'anana ndi chulu, mphepo ikuchokera kuchuluko. Ndinawauza kuti asatokose ngakhale udzu. Tinadikira. Mnyamata wina dzina lake Gomezgani, monita wa kalasi, anayamba kunong'ona kuti tanamizidwa. Pomwepo kamphuno kanatulukira. Kenako kena. Kenako Mayi Tcheya mwini wake, ndi khutu lake long'ambika, anatuluka n'kudziongola padzuwa ngati mwini sitolo potsegula.

Ana onse anapuma mpweya kamodzi. Ine ndinayamba kunong'ona, ndipo mawu ankangobwera okha.

"Uyo wakwera pamwambayo ndi mlonda, taonani sakudya, maso ali kumwamba. Awo awiriwo akutolana utitiri. Uyo watsala padzenjeyo ndi wolera, ana si ake koma sawasiya. Dikirani, dikirani, awo akutuluka."

Tiana tinatuluka tikugwerana. Mtsikana wina anagwira pakamwa. Kamsulu kena kanakumba pansi pa tsinde la chinangwa n'kutulutsa chinkhanira, kuchiluma msangamsanga n'kuyamba kutafuna. Kena kanapita pachitsa, kuima ndi manja, miyendo m'mwamba.

"Kakutani kameneko?" Madamu ananong'ona.

"Kakusiya fungo, Madamu. Kakulemba dzina pakhomo."

Ana anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Madamu anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Achimwene, inu ndinu mphunzitsi." Chibadwire palibe anandiuzapo mawu otere. Ndinaiwala dziko lonse. Ndinaiwalanso kuti linali Loweruka.

Chinandikumbutsa ndi kulira kwa khasu. Adada anatulukira mbali ina ya munda, chipewa kumutu, galu wathu Simba pambuyo, ndipo asanatione anali atalikhapa kale khasu m'nthiti mwa chulu, chibuma chachikulu n'kugwa. Misulu inalowa m'maenje. Madamu anadzuka, kukonza chitenje, n'kupita kukawapatsa moni atapinda maondo.

"Monire, Adada."

Adada anavula chipewa mofulumira, maso akuwerenga ana a yunifomu amene ankatuluka m'tchire. "Yewo, yewo, Asambizgi." (Ndiko kuti aphunzitsi.)

"Mwana wanu wandiuza zonse. Akuti mukufuna kuikoma misulu imeneyi."

Adada anandiyang'ana mmene munthu amayang'anira mwana amene wamutengera apolisi pakhomo. Khasu analibisa pang'ono kumbuyo.

"Ee, ndinangoganizako pang'ono, Asambizgi. Pang'ono waka." (Waka ndiko kuti chabe.)

"Musachite manyazi bambo. Zimenezi ndi zimene boma likufuna. Bwenzi aliyense m'mudzi muno akukoma nyama ngati inu, dziko lathu likanakhala patali."

"Boma?"

"Boma."

Khasu linabwerera kutsogolo. "Yonse, Asambizgi?"

"Yonse, ndi tiana tomwe. Makamaka tianato."

Ine ndinaima pambali, chikwama cha Madamu chili m'manja, pakamwa pakutseguka ndi kutsekeka ngati nsomba ya pamchenga. Lusungu anali kutsogolo monga analonjezera, akuluma kolala ya diresi.

Madamu anatembenukira kalasi. "Ana inu mwamva? Lero tonse tithandiza bambowa kuikoma misulu. Amene akome kwambiri ndikamutchula dzina paasembule."

Palibe mwana amene anasuntha. Muwamvetse anawo. Onse ndi a Chitumbuka ndi Chinkhonde, ndipo mayi yemweyu ndi amene anawalanda malegeni, amene anawalalikira masabata onsewa kuti ngakhale buluzi ali ndi ufulu. Anayang'anana. Gomezgani anakweza dzanja.

"Madamu, tikome nadi?"

"Nadi," anatero Madamu, akunyadira liwu lina la Chitumbuka limene analidziwa, lotanthauza zoonadi.

Sindinaonepo ana akumvera mphunzitsi mwachangu chotere. Ena anathamangira miyala. Ena anathyola mitengo ya chinangwa cha Amama. Gomezgani anawerama n'kusolola legeni musokosi (choncho si onse amene analandidwa). Atsikana anazungulira chulu kuti atseke maenje onse, ndipo gulu lina linayamba kuzula udzu wouma n'kuunjika pamakomo. Simba, galu amene sanagwirepo ngakhale khoswe, anayamba kuuwa ngati wakhala akudikira tsiku limeneli. Adada analavulira m'manja n'kugwira mpini, nkhope ili ngwee, munthu amene boma lamutumizira antchito aulere.

"Taonani khama la ana," Madamu anandiuza akuomba m'manja. "Akuikonzera ndi pogona pomwe."

"Madamu," anafuula mnyamata wa udzu uja, "machesi muli nawo?"

"Machesi a chiyani?"

Ndinayang'ana kuchulu. Misulu imeneyi ili ndi chilema chimodzi, chidwi. Ikathawa sichedwa kusuzumiranso, ndipo iyi inali itazolowera kundiona ine zaka zonsezi osaichita kanthu. Padzenje lapamwamba panali kamutu. Kamwana. Kankayang'ana khamu lonselo ndi timaso take ngati kakufunsa kuti kuli phwando lanji. Gomezgani anali atakoka kale mphira.

Sindikumbukira kuti chikwama ndinachiponya kuti. Ndikukumbukira ndikuthamanga, ndikudumpha mizere ya chinangwa, ndikukwera chulu ndi manja ndi maondo. Pamwamba ndinatambasula manja. Ndinafuna kukuwa. Chichewa sichinabwere. Chitumbuka nacho chinakana. Chimene chinatuluka ndi kalikhweru ka mlonda kaja, kakuthwa, kautali, ka mphamba ali pafupi. Kamutu kaja kanazimiririka. Ana onse anaima, miyala ili m'mwamba. Ndi Simba yemwe anakhala pansi.

Ndiye ndinatsetserekera pamalo pamene Adada anakhapa, kukhalapo kuti khasu lisabwerenso, ndipo mawu amene anandikanika sabata yonse anatuluka ndi mphamvu imene sindinkaidziwa.

"Madamu, kukoma ndi kupha! Kwathu kuno kukoma ndi kupha!"

Mawuwo anakamveka mpaka kusikimu. Amama akuti anawamva ali pamjigo.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepa, ine ndili pachulu ngati ngwazi. Koma chulu chija mbali imodzi munkakhala misulu, mbali ina eni ake anali akadalimo. Pamene khasu linatsegula, chiswe chinali chitatumiza asilikali ake, aja a mitu ikuluikulu yofiira, amene akaluma salekerera ngakhale muwadule thupi. Ine ndinawakhalira pakhomo penipeni. Ndipo buluku lakutchalitchi ndi lotakasuka m'miyendo.

Woyamba ndinamupirira, poti anthu anali akundiyang'ana mwaulemu. Wachiwiri ndinangogwedeza bondo. Kenako analuma onse pamodzi ngati apangana, m'malo amene sindingawalembe pano. Ndinadumpha, phazi linaterera padothi logumuka, ndinagubuduzika chulu chonse n'kukaima pachitsa chija, mutu pansi, manja pansi, miyendo m'mwamba.

Mawu a Lusungu anamveka bwinobwino, odekha, ngati akuyankha funso m'kalasi.

"Madamu, taonani. Akusiya fungo."

Kalasi yonse inagwa pansi. Ena ankamenya nthaka ndi manja. Gomezgani analira misozi yeniyeni.

"Vula, iwe," Adada anakuwa. "Vula, zikumaliza."

Ndinathamangira kuseri kwa chulu kuti ndikavulire kobisika. Koma kumbukirani kuti atsikana anali atachizungulira. Chulu chimenecho chinalibenso kuseri. Ndinazungulira, kuzunguliranso, asilikali akugwira ntchito, mpaka ndinangoima n'kuvula pomwepo. Mkati ndinali nditavala kabudula amene Amama anandisokera kuchokera kuchitenje chawo chakale, wa maluwa a mpendadzuwa akuluakulu, limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo.

Amene sanaseke ndi Madamu okha. Anali atakhala pansi padothi, nsapato zija zitatuwa, manja ali kumutu.

"Ndiye kuti ine ndauza ana a eni kuti aphe?"

"Ndi tiana tomwe, Madamu," anatero Gomezgani akupukuta misozi. "Makamaka tianato."

"Ndatinso boma likufuna?"

"Kawiri, Asambizgi," anatero Adada mwaulemu.

Madamu anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumbali chifukwa cha mpendadzuwa. "Achimwene, bwanji simunandiuze tsiku lija?"

"Munali mutasangalala, Madamu."

Anayamba kuseka nawonso, kuseka kwa munthu amene galimoto yamuphonya pang'ono, kenako analanda legeni ya Gomezgani.

Adada anabwera pafupi, akundithothola asilikali m'miyendo mmodzimmodzi. Analankhula motsitsa, m'Chitumbuka.

"Iwe, mawu aja unawatenga kuti?"

"Ati, Adada?"

"Aja wakuwa pachulu. Ndawamva mpaka m'mano. Ndakulera zaka zonsezi osadziwa kuti uli ndi mawu."

Kaya ndi ululu, kaya ndi poti munthu wovala mpendadzuwa pagulu alibenso choti ataye, koma ndinalankhula. Ndinawauza kuti mazira amadya ndi likongwe, ndipo ndikhoza kuwaonetsa pamene amalowera. Ndinawauza kuti timisuluti timadya zinkhanira m'munda momwe Amama amakumba chinangwa ndi manja, ndipo njoka ikafika pafupi timaizinga tonse mpaka ichoke. Ndinawauza kuti nyumba ndikuifuna, koma osati ya dothi limeneli. Sindinanene eya ngakhale kamodzi.

Adada anayang'ana chulu, anayang'ana ana, anayang'ana Madamu amene anali atawatamanda pamaso pa kalasi yonse. Anavala chipewa.

"Munthu amene wavula buluku pamaso pa boma chifukwa cha chulu, chulucho ndi chake. Dothi tikakumba kudambo." Anatola khasu. "Ukasenza wekha."

Ndinapambana, mukuona. Koma madzulo ake nditapita kukasuzumira, ndinapeza misulu ikusamuka. Mayi Tcheya patsogolo, ena pambuyo pamzere, tiana titanyamulidwa pakhosi tili lende, onse akulowera kuthengo osacheuka. Misulu imasamuka nthawi ndi nthawi, ili ndi zulu zingapo zimene imagonamo, ndipo ndinadziuza zimenezo. Komabe ndinaimirira pamenepo, miyendo yotupa, ndikuyang'ana nyumba imene ndinaipulumutsa ilibe munthu.

Masabata otsatira ndinasenza dothi la kudambo mpaka khosi linafupika. Tinaumba njerwa, kuziyanika, n'kusanja uvuni kuseri kwa khola. Kusukulu Madamu anakatchula dzina la Adada paasembule monga bwenzi la chilengedwe, ndipo ana akakumana nawo panjira ankawapatsa moni kuti "Adada a misulu." Iwo ankayankha mokhwimitsa nkhope, koma chipewa chinayamba kukhala chopendekeka. Ine dzina limene anandipatsa sindilemba. Lili ndi duwa mkati.

Nkhuni zitakwana, tsiku lootcha litapanganidwa, Lusungu anabwera m'mawa akuthamanga.

"Akulu, alendo anu afika."

Ndinatuluka. Pakhomo lililonse la uvuni, momwe timaponyera nkhuni, panali kamphuno. Pamwamba penipeni pa njerwa mlonda anali ataima ndi miyendo iwiri. Ndipo pakona, padzuwa, khutu long'ambika, Mayi Tcheya akudziongola. Tiana tija tinali titakula, tikuthamangitsana m'mipata ya njerwa za nyumba yanga. Ndinavina pabwalo osavala nsapato. Chulu chonse chimene ndinachivulira buluku anachisiya, n'kusankha uvuni.

Pamene ndikulemba pano uvuniwo sunaotchedwe. Mitambo yayamba kusonkhana kumapiri, ndipo njerwa zosaotcha zikanyowa zimabwerera kukhala dothi. Ine ndikugonabe m'chipinda cha matumba a mpunga. Ndinawauza Adada kuti misulu isamuka yokha. Anafunsa kuti liti. Ndinati amene akudziwa ndi Mayi Tcheya.

Dzulo m'mawa ndinawapeza ataima pafupi ndi uvuniwo, manja kumbuyo, akuyang'ana timisulu tikuothera dzuwa. Kamodzi kanaima ndi manja pamulu wa nkhuni, miyendo m'mwamba. Adada anagwedeza mutu pang'onopang'ono, osandiyang'ana, n'kunena liwu limodzi.

"Tikukoma."

M'Chichewa ndiye kuti timisuluti tikusangalatsa. M'Chitumbuka ndiye kuti ife tikupha. Munthu amene waphunzirapo kanthu pa zonsezi akanafunsa kuti, Adada, mwanena m'chilankhulo chiti? Funsolo ndinalikonza ndithu, linafika mpaka pamilomo.

"Eya, Adada," ndinatero.

Kenako ndinalowa m'khitchini n'kukabisa machesi.